Chigwembe Chayandikira Pamene Mwagona, Ababa

IGNATIUS CHIKOTI
Anagona pa 14 Novembala 2016

Zaka zisanu ndi ziwiri zakwana lero chitisiyireni, Ababa, ndipo chaka chino tikukulemberani mitima ili m'mwamba.

Kuno ku Nsaru anthu amakutchulanibe mphunzitsi wa sayansi wotentha mapepala. Munkayatsa nyuzipepala yakale m'mphepete, ife ana titazungulira, n'kutiuza kuti tiyang'anitsitse mzere wa moto. Unkayamba wowongoka, koma posakhalitsa unkamera mano, apa patsogola, apo patsalira. Kenaka munkaviika pepala lina mu tiyi kuti tione kuti madzinso amakwera chimodzimodzi. Amayi ankadandaula kuti mukutha tiyi ndi machesi, inu n'kumangoseka mukugwedeza mapewa.

Chigwembe cha kumunsi kwa manda chitayamba kudya nthaka, munkapitako mvula ikatha, mutanyamula chingwe ndi zikhomo. Anthu ankaima malo amodzi n'kunena kuti chikadali kutali. Inu munkakoka chingwe m'mphepete monse, n'kuyeza kusiyana kwa dzino lotsogola ndi malo otsalira. Munkatiuza kuti chingwe chikatalika, kusiyanako kumakulanso, ndipo chaka ndi chaka manowo amanka natalika. Ndiye munthu woyeza pamalo amodzi okha, munkatero, amagona tulo pamene zinthu zikuipa kumbali.

Mwana wanu Fatsani sanasiye ntchito imeneyi. Amayeza monga munamuphunzitsira, ndipo zimene wapeza sizabwino. Dzino limodzi ladutsa mtengo wa msuku wa m'mphepete mwa manda, ndipo lalunjika pamene mwagona inu. Tinabzala udzu wa vetiva ndi nsungwi, tinathira miyala, koma mvula ya chaka chatha inakokolola zonse. Achimwene anu a Timothy anati tikusuntheni mvula isanagwe. Amayi anakana. Anati iwo anakuperekezani kamodzi, ndipo sangapirire kuona bokosi lanu kachiwiri. Pakhomo panazizira; alamu awiriwa ankangopatsana moni wa pakamwa.

Sabata yatha amayi anamutsatira Fatsani okha, osauza munthu. Ataima pamanda anu, anagwira nsonga ya chingwe ndi dzanja lawo, iye akukoka mpaka pa dzino lija. Chingwe chinatsala chambiri, poti dzinolo linali pafupi kwambiri. Atabwerera kunyumba anandituma kwa a Timothy, kwa eni manda ndi kwa akulu a mpingo. Onse avomera.

Choncho Loweruka likubwerali adzukulu adzakusamutsirani kumtunda, pafupi ndi pamene anagona amayi anu. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Kabudula, ndipo madzulo alionse amayi amatuluka kukaiyang'ana. Sitikudziwa ngati mvula itidikire. Ababa, mukamva makasu pamwamba panu musadabwe kapena kukwiya. Ndife ana anu, tabwera kudzakutengani madzi asanatitsogolere.

Kulikonse kumene mugone, m'mitima mwathu simudzasuntha.

Ndine mwana wanu Ndaziona, m'malo mwa amayi athu a Yunisi, Fatsani, Bertha, a Timothy ndi zidzukulu zanu zonse.