Mbedza Yanga Inaumitsa Chala cha Alamu Anga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 46, ndimagulitsa zipangizo za njinga kuno ku Katete. Lamlungu ndikatseka shopu ndimakawedza kudamu lina cha ku Sinda. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri wopita naye anali alamu anga a Abdul, achimwene a mkazi wanga Zuhura. Iwowa ndi telala.

Chaka chatha ndinagula ku Lusaka nyambo zapulasitiki zooneka ngati tinsomba, zija zimayandama pamwamba pa madzi n'kumagwedezeka ukamakoka chingwe. Iliyonse inali ndi mbedza ziwiri za mano atatuatatu, ina pamimba ina kumchira. A Abdul atazitembenuza m'manja anati, "Alamu, mano onsewa pa nsomba imodzi? Chotsani muike za dzino limodzi. Paja wochotsa nsomba pambedza ndimakhala ine." Ndinawaseka. Ndinati amene anapanga nyambozi anapita kusukulu, sangaphunzitsidwe ndi telala.

Mu Epulo ndinakola mlamba waukulu ngati mwendo wanga. A Abdul anautsikira m'matope, n'kuugwira kumutu kuti azule mbedza yakumchira imene inali m'kamwa. Mlamba unaphupha kamodzi kokha. Mbedza yapamimba, imene inkangolendewera, inalowa mano awiri m'chala chawo chachikulu chakumanja. Nsomba ikuphiriphitha uku, chala chikukokedwa uku, iwo ali chigwadire m'matope.

Aphungu, chimene chikundidya ndi ichi. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, "Nanunso nsomba mumagwira bwanji?" Ndinanena zimenezo magazi awo akutsikira kuchigongono.

Ndinapha mlambawo, ndinamasula nyambo, n'kuwakweza panjinga yamoto kupita kukiliniki mbedza ili m'chala. Kumeneko anachita kucheka kuti ituluke. Bala linapola koma chala sichipinda. Makina amaponda, koma sizasi sagwira bwino, ndipo anthu a mayunifolomu ayamba kupita kwina.

Miyezi itatu tsopano sindinaponde pakhomo pawo. Lachisanu kumzikiti ndimaima mzere wakumbuyo n'kutuluka woyamba. Ndinatumiza mpunga ndi shuga kudzera mwa mkazi wanga. Anabwera nazo, nati, "Achimwene akuti zikomo, koma chawavuta si njala."

Mbedza za mano atatu zija ndinazichotsa zonse, ndinaika za dzino limodzi monga ankanenera. Koma tsopano nyambo zikuyenda chogona chammbali, nsomba ikalumphira imangophonya. Kawiri konse ndabwerako chimanjamanja, ndekhandekha. Kodi ndalakwitsa pati? Nanga alamu anga ndiwayambe bwanji?

Y. S.,
Katete.

A Y. S.,

Mwafunsa mafunso awiri, ndipo losavuta mwaliika patsogolo. Tiyeni tilimalize msanga.

Alamu anu ananena zoona. Mbedza ya dzino limodzi imazuka msanga, siing'amba kwambiri nsomba yaing'ono imene mukufuna kuibwezera m'madzi, siikodwakodwa m'maudzu, ndipo siisiya mano ena ali pamtunda kudikira dzanja la munthu. Vuto lanu ndikuganiza ndi kulemera. Mbedza zakale zija zinkathandiza nyambo kukhala chilili m'madzi. Mukaika zopepuka, imagona. Sankhani ya dzino limodzi yokulirapo, yotambalala pafupifupi ngati mano atatu aja onse pamodzi, yolemera mofanana ndi imene mwachotsa. Onetsetsani kuti ziwirizo sizikufikirana n'kukolana. Dzino lisaloze kumbali: yapamimba liloze pansi, yakumchira liloze m'mwamba. Likakana, onjezani kamphete kena kachitsulo pamene mbedza imalumikizana ndi nyambo, litembenuka. Yesani nyambo iliyonse m'beseni la madzi musanapite kudamu.

Kaminga kaja kamene kamaletsa mbedza kutuluka, kaphwanyeni ndi pulayala. Pulayala yemweyo muzizulira nsomba, osati zala. Ndipo madzi akati phwa, musakoke nthawi yomweyo. Dikirani chingwe chilemere. Nsomba zina muziphonyabe, vomerezani. Koma imene yakodwa kawirikawiri siipulumuka.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mlamba unaphupha chifukwa ndi nsomba. Ngozi yotere imagwera aliyense, ndipo ndikukhulupirira a Abdul akudziwa. Chimene chabweza mpunga uja ndi mawu anu awiri: a telala aja, ndi a pamatope aja. Munthu anakuchenjezani, munamunyoza ndi ntchito yake, atavulala munamuimbanso mlandu, kenako munasowa. Miyezi itatu mwakhala mukusintha mbedza chifukwa mbedza siyankha.

Pitani nokha kwa a Abdul mawa lino, masana, manja opanda kanthu. Mai a kunyumba musawatumenso, akhala pakati pa mwamuna ndi mlongo wawo mokwanira. Mukakhala pansi nenani mosazungulira: "Alamu, munandiuza, sindinamve. Mutavulala ndinakuyankhani zoipa. Ndinathawa chifukwa cha manyazi. Ndikhululukireni." Mukatero tsekani pakamwa. Mawu akuti "koma" asatuluke. Akakalipa, mverani mpaka atope, ndi ufulu wawo.

Chala chosapinda patatha miyezi itatu si chongochiyang'ana. Mwina mtsempha unakhudzidwa, ndipo ine pano sindingadziwe. Apempheni kuti muwaperekeze kuchipatala chachikulu akaonedwe ndi adokotala, afunsenso za mafizo a dzanja. Tsiku limenelo shopu itsekeni, mukakhale nawo pamzere. Afunseninso ntchito imene ikuwakanika pamakina, iwo anene okha thandizo limene angalandire osachita manyazi.

Za kudamu musazitchule. Mwina adzazitchula okha, mwina ayi.

Chenjezo langa ndi ili: musapite kukatenga chikhululuko ngati katundu amene munaitanitsa. Angakupatseni mpando koma osakupatsani nkhope. Angakhululuke, chala osapindabe mpaka kale, ndipo muzichiona nthawi zonse akamakupatsani moni. Zikatero musathawenso. Lachisanu likubwerali kaimeni pambali pawo.

Aphungu.