Ababa Ayambanso Kudya Okha

Amayi anga okondedwa,

Kaya kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Balaka tilipo, Alihamudulila. Ndinkafuna kukulemberani kalekale, mvula ili mkati, koma ndikanalemba nthawi imeneyo bwenzi kalata yonse ili madandaulo okhaokha, ndipo inu madandaulo simunkawakonda. Lero ndalemba chifukwa mtima wakhala pansi.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Alamu anga, akazi a achimwene Yusufu, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, wonenepa, makutu ake enieni anu aja. Yusufu akadali ku Joni, mwanayo amangomuonera pa foni. Mpunga wa m'munda mwanu ku Chiuta unachita bwino, ngakhale madzi analowa mbali yakumunsi. Nandolo wanga kuno ndiye mbuzi ya aneba inadula chingwe n'kumudya theka. Ndinapita kukadandaula, koma nditafika anandipatsa mpando ndi kapu ya thobwa, ndinangobwerako osanena kanthu. Mukanakhala inu mukanamwa thobwalo n'kunenabe.

Nkhani yaikulu ndi ya ababa. Musadzidzimuke, ali moyo, ali kuno ndi ine. Mvula itangoyamba anagwa pathandala kwathu ku Chiuta akutembenuza matemba. Anzawo anathamangira nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati ndi sitiroko, bipi inali itakwera kalekale iwo osadziwa. Mwendo unabwerera msanga, akuyenda ndi ndodo. Mawu anabwereranso, ngakhale lilime limalemera. Koma dzanja lamanja, amayi, zala zinakana kufumbata. Mkono amaukweza ndithu, koma chilichonse chimene mwawapatsa chimangopulumuka.

Amuna anu mukuwadziwa. Kudya ndi lamanzere anakana. Anabwera a shehe kudzawauza kuti wodwala alibe mlandu, iwo n'kuvomera mwaulemu, a shehe atangotuluka mbale n'kuikankhira uko. Kudyetsedwa ndiye anakaniratu. Tsiku lina ndinawakakamiza phala, supuni yachitatu linatayikira pamkanjo wawo woyera uja. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Asiyatu, ine ndinakudyetsa iwe. Usandisandutse khanda.” Anatembenukira kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo ankangomwa tiyi ndi thobwa, kapu ataipanikiza pakati pa mikono iwiri. Lamba wa buluku lawo ndinaboola bowo lina, patapita milungu iwiri ndinaboolanso lina. Ndinkapita kusukulu kukaphunzitsa, koma pabolodi ndinkangoona nthiti za ababa. Ndinaopa kuti ndiika makolo onse awiri chaka chisanathe.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa mafizo kuchipatala, amene amawongola ababa zala Lachiwiri lililonse. Nditamudandaulira anandionetsa chithunzi pa foni: kachinthu kokhala ngati chibangili chosatseka, kamene kamalowa m'chikhatho, kokhala ndi kamphako kolowetsamo supuni. Munthu safunikira kufumbata, amangokweza mkono. “Koma kuno sitipezeka timeneti, aphunzitsi,” anatero. “Mwina mukafunse kwa osula.” Ine ndinayang'anitsitsa chithunzicho. Kanali ka pulasitiki.

Mukuwakumbuka makina aja Yusufu anandibweretsera, amene amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumausanja mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitatuluka? Aja munkawatcha kangaude? Munkati, “Mayi wamkulu, mphunzitsi wathunthu, tsiku lonse kuonerera kangaude akuluka zidole.” Zinalidi zidole, timabokosi ta choko ndi tizinthu toonetsa ana m'kalasi. Chichokereni kumaliro anu ndinali ndisanawakhudze. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba, ndinachotsa chitenje chimene ndinawafunditsa, ndinayeza chikhatho cha ababa ali chigonere, ndinajambula kachinthu kaja pa laputopu, ndikuganiza kuti pofika mawa nkhani yatha.

Iyayi, amayi. Makinawo anali atakwiya chifukwa chowataya. Koyamba sikanamatirire pambale yotentha ija pamene chinthu chimamangidwira, kanangokokedwa uku ndi uku mpaka kusanduka chisa cha mpheta. Kachiwiri kanapindika m'mbali ngati chikopa chouma. Kachitatu magetsi anathima kali pakati. Kachinayi kanatuluka kooneka bwino, ndipo ine chifukwa cha phuma ndinathamanga nako kwa ababa. Ndinawanyengerera mpaka analola. Ndinawaveka, ndinalowetsa supuni, anatapa mpunga, ndipo ali pafupi kufika pakamwa kanangoti thyo! Supuni pansi, mpunga pamiyendo. Sanakalipe. Anangoti, “Basi, mama. Wayesetsa.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa.

Ndinabwerera kumakina, ndinagwira sipanala ngati ndiwamenye nayo. Ndiye ndinakumvani inu, mmene munkanenera ndikalimbana ndi masamu ndili mwana: “Asiyatu, wayamba kukwiya. Siya kaye, ukamwe madzi.” Ndinakamwadi madzi. Nditabwerera ndinayamba kumasula chimodzichimodzi, ndipo ndinapeza kuti kamkono kamene kamapanikiza ulusi kuti ulowe kanali katang'aluka kunsi, posaoneka. Ulusi unkalowa mopereweza, n'chifukwa chake chinthu chinkatuluka chofooka ngati bisiketi. Kamlomo kotulukira pulasitiki kanali katatha, masipuling'i apansi pa mbale atafooka, malamba atakhwepa.

Ndinamuimbira Yusufu. Mwana wanu uja sanafunse zambiri, anangoti, “Achemwali, jambulani chilichonse chimene chafa.” Anatumiza kaphukusi pa basi: chokankhira ulusi chachitsulo m'malo mwa cha pulasitiki chija, timilomo tatsopano, masipuling'i olimba, ndi chitsulo chokhakhala choyala pambale kuti zinthu zizimatirira. Kaphukusiko kanatenga masiku khumi ndi awiri. Masiku amenewo sindifuna kuwakumbuka. Ababa anasiya ngakhale kutuluka pakhonde.

Katafika ndinasamutsira makinawo pabalaza, pafupi ndi batire la sola, kuti magetsi akathima asamaime. Pamenepo ndi pamaso pa mpando wa ababa. Loweruka lonse ndinali pamenepo. Ndinamanga chokankhira chatsopano, ndinasintha kamlomo kali kotentha mpaka ndinapsa chala, ndinakoka malamba mpaka ukawakhudza azilira ngati waya wa gitala. Kenako ntchito yotopetsa ija yolinganiza mbale. Umatenga pepala wamba, n'kulilowetsa pakati pa kamlomo ndi mbale, n'kumapotoza kagudumu kapansi mpaka pepalalo lizikhula pang'ono pokha, osathina, osamasuka. Ngodya zonse zinayi. Ukakonza iyi, inayo yasuntha. Ndinazungulira kasanu. Ababa ankaoneka ngati akugona, koma diso limodzi linali kwa ine.

Ndinayesa kabokosi kakang'ono koyesera. Kanamatirira bwino, ngodya zake zowongoka, koma khungu lake linali ndi timabowo ndi tiubweya, ndipo nditakafinya kanasweka. Ndinakhala pansi, nzeru zitandithera. Zonse zinali zatsopano, nanga chatsala n'chiyani? Ndinayatsanso makinawo, wailesi ikulira pabalaza pomwepo, ndikungoyang'ana.

“Tazimitsa wailesiyo,” anatero ababa.

Ndinazimitsa. Anapendeketsa mutu kumvetsera. Pakamlomo paja pankamveka kaphokoso, the, the, the.

“Kukuthetheka ngati nkhuni zaziwisi. Ulusi wakowo wanyowa.”

“Ababa, ndi pulasitiki uyu. Sanagwe m'madzi.”

“Matemba anga amagwa m'madzi akakhala m'thumba? Koma dzinja lino amanyowa. Ndi mpweya.”

Amayi, ndinafufuza pa foni, ndipo zinali zoona ndendende. Ulusi umenewu umamwa chinyezi, ndipo wanga unakhala pamtunda dzinja lonse. Ine ndi satifiketi yanga ya sayansi, ndinauzidwa ndi munthu woyanika nsomba. Ndinafuna kukauika padenga padzuwa, iwo n'kukana. “Upsa kunja, mkati muli madzi. Moto wapang'ono, nthawi yaitali, mphepo izidutsa.” Tinatenga katoni, ndinaikamo babu lakale lija lotentha, iwo akundilozera ndi ndodo poti ndiboole, mabowo awiri pansi, atatu pamwamba. Ankandikumbutsa kutembenuza mkombero wa ulusiwo ngati mmene amachitira pathandala. Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa mwezi wonse wapitawo.

Titauyanika masiku awiri, kuthetheka kunatha. Ulusi unkatuluka wosalala ngati mafuta. Ndinachepetsa liwiro la makina, ndinawonjezera kutentha pang'ono, makoma a kachinthuko ndinawanenepetsa. Ndinazindikiranso kulakwa kwanga kwina: kachinayi kaja ndinakamanga choimirira, ndiye kanathyoka potsata mizere yake, ngati mmene nkhuni imang'alukira. Tsopano ndinakagoneka cham'mbali. Kotsatira kanali kolimba koma kankawathina pafupa la chala chachikulu. Kenanso supuni inkaloza kumphuno. Apa ababa anali atasanduka kapitawo. Kalikonse kakatuluka ankakaponda ndi ndodo, kakapirira ndiye alole kukavala. “Pendeketsa kuno. Iyayi, wapyola.” Mayi wa mafizo uja anakaona, anandiuza kuti ndikwechekweche m'mbali ndi sandipepa kuti kasawatupule khungu, chifukwa dzanjalo silimva bwino kupweteka.

Linali Lachisanu masana. Ndinaphika mpunga wanu womwe uja ndi nsomba za makumba zimene azakhali anatumiza, nditachotsa minga yonse. Ndinaika mbale patebulo, ndinawaveka kachinthuko, ndinalowetsa supuni, kenako ndinapita kukaima pakhomo la kukhitchini ngati ndili ndi zochita, chifukwa ndinadziwa kuti ndikawayang'ana sadya. Ndinamva akuti “Bisimila.” Ndinasuzumira. Supuni yoyamba theka linatayika panjira, koma theka linafika. Yachiwiri inafika yonse. Anadya pang'onopang'ono, thukuta lili pamphumi, mpunga uli mbwee patebulo, osaitana munthu. Mbale inatha, amayi.

Ndiye anagogoda patebulo ndi supuni ija. Ndinabwera ndikudzipukuta m'manja, ndikuyembekeza kuti mwina anena mawu aakulu. Anati, “Mchere wachepa. Mayi ako sankaopa mchere. Ulipo wina mpungawo?”

Ndinawauza kuti mchere adokotala analetsa, ndinawapakulira wina, kenako ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Ndinalira, ndinaseka, ndinaliranso, mpaka aneba a mbuzi aja anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati iyayi, ababa apempha mbale yachiwiri.

Papita miyezi itatu tsopano. Lamba wabwerera bowo limodzi. Ndinawapangira chogwirira kapu, ndi china cha mswachi. Nsima amadyabe movutikira, ndimawadulira timagawo n'kumatapa ndi supuni, ndipo amadandaula kuti imeneyo si nsima, koma amamaliza. Zala ziwiri zayamba kugwedezeka, mayi wa mafizo akuti tisayembekezere zambiri, komanso tisataye mtima. Anandipempha kuti ndipangireko odwala ena awiri, agogo ena aakazi a ku Utale ndi bambo wina woyendetsa minibasi. Ndinapanga, ndipo ababa sanalole kuti tichoke m'nyumba asanatiponde ndi ndodo. Ulusi tsopano ndimasunga m'ndowa yotseka bwino, ndipo iwo ndi amene amayang'anira chivundikiro. Makinawo amavutabe nthawi zina, dzulo lomweli mbale inasunthanso, koma tsopano ndimadziwa pogwira.

Sabata yatha anandiitana n'kundijambulira pansi ndi ndodo chinthu chachitali chosongoka, chokhala ndi lilime pakati. Ndinati n'chiyani? Anati, “Mwana wa m'mbali mwa nyanja osadziwa singano yosokera ukonde? Undipangire yolowa m'kachinthu kangaka. Ukonde wa mnzanga Che Jafali uli ndi mabowo, iye maso anatha. Ine maso ndili nawo.” Yoyamba anaikana kuti ndi yonenepa, siingadutse m'maso a ukonde. Yachiwiri ili pamakina panopa pamene ndikulemba, ndipo akhala pafupi, chibwano chili pandodo, akundiuza kuti ikuthamanga kwambiri. Sikuthamanga, koma ndipita ndikachepetse kuti mtendere ukhalepo.

Sadaka yanu ya chaka tikachitira kwathu ku Chiuta, Yusufu akuti abwera. Ababa anena kale kuti sakadyera m'nyumba ngati wodwala, akakhala pamkeka ndi amuna anzawo, anthu aone. Ndikukulonjezani, amayi, ndikawafikitsa ine ndemwe, atavala mkanjo woyera, atanenepa, ndipo pomadzakuwerengerani duwa, pemphero lathu lija, adzakweza manja onse awiri.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu