Pikapu ya a Gondwe Yawagwera Alamu Anu

Okondedwa achimwene,

Kaya muli bwanji kumigodiko? Kuno ku Lilongwe ana ali bwino, amayinso chifuwa chija chawasiya. Koma ine ndikulemba ndi nkhani yovuta.

Abwana anga a Gondwe, aja anasamuka ku Zomba kudzagwira ntchito ku Capital Hill, pikapu yawo inatsika kumbuyo chifukwa cha katundu wa pamsamuko. Loweruka anaitana alamu anu, bambo a Fatsani, kuti adzawonjezere masipuling'i kuti galimoto iime bwino. Ine ndikuyanika zovala chapomwepo, ndinangomva kuti khu! Jeke yomwe anakwezera galimoto yaterereka iwo ali pansi, galimoto yawagwera, kukuoneka miyendo yokha.

Ndinakuwa mpaka alonda a nyumba zoyandikana anathamangira. Iwo ndi a Gondwe anainyamula ndi manja. Powatulutsa alamu anuwo anali zii, ine n'kuti basi ndaferedwa. Kenaka anatsegula maso, amvekere, "Mayi a Fatsani, mukuliranji? Ndilipo."

Nthiti zathyoka, ali kuchipatala. Koma tamvani, achimwene: akuti akangotuluka akalowanso pansi pa galimoto yomweyo kukamaliza ntchito! Ine ndalankhula mpaka kutopa. Chonde alembereni, inu amakumverani.

Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati