Manda a malume Lyson ku Sangilo

Chilumba
12 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga fodya mwamaliza kusankha? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chomwe chinandigwira mvula itangosiya. Mayi Hadija omwe ndimawagulitsira m'golosale akundisunga bwino. Amangodandaula kuti ndimayankhula motsitsa kwambiri, akuti tsiku lina wogula adzaganiza kuti m'golosale mulibe munthu n'kunyamula sopo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo kwa achimwene a Brave. Ndinayesa kawiri kuimba, koma nditamva mawu anu ndinangofunsa za nkhuku. Nkhaniyi pakamwa ikundikanika. Achimwene akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo malume Kenan akhalepo.

Amayi, ndawapeza alongo anu a Lyson. Ndapeza pamene anagona. Anamwalira kalekale, mu 2002.

Mukumbukira tsiku lomwe ndinkanyamuka munandiuza pa depoti kuti alongo anu anasowera cha kumpoto konkuno, ndizifunsafunsa. Ndikuulula kuti miyezi isanu ndi itatu sindinafunse munthu ngakhale mmodzi. Ndinkachita manyazi. Ndiye mwezi wa Epulo kunabwera mayi wina wa ku Sangilo kudzagula mchere wambiri, dzina lake nyaGondwe. Kuno amayi amaitanidwa choncho, ndi mfunda wa bambo awo. Atamva ndikuwerenga mapaketi anaseka, n'kunena kuti Chichewa changa chikuwakumbutsa Lyson wa zitsime. Koma ine ndinangowapatsa mchere wawo iwo n'kumapita. Ndinadzida sabata zitatu.

Kenaka mayi Hadija anandituma ku Sangilo komweko kukatenga usipa wouma. Ndinafunsa kwa nyaGondwe, anthu anandilozera. Nyumba yawo ili pafupi kwambiri ndi nyanja. Nditafika ndinapeza alowa m'nyumba, ndiye poyembekeza ndinaona kamalo kosesedwa bwino patsinde pa mango, kozungulira ndi njerwa, kokwera pang'ono. Ndinaikapo beseni langa n'kukhala kuti ndikutumule mchenga m'nsapato.

Amuna awo, a Manase Mhango, anali akusoka ukonde chapafupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafuulira akazi awo kuti atuluke adzaone mlendo wolimba mtima yemwe wakhalira azakhali awo. Akuti azakhaliwo ali moyo sankalola munthu kukhala pansi dzuwa lisanapendeke, ndiye ndichenjere angandipatse khasu.

Amayi, anali manda. Ndinalumpha, beseni linagubuduka. Mukudziwa kwathu mmene timaopera kumanda, kunkhalango kuja komwe sitilozako n'chala, komwe amayamba kulowa ndi adzukulu. Kuno mabanja ambiri amaika akufa awo pakhomo pomwepo, kuseri kwa nthochi. Nkhuku zimapalasa pomwepo, zovala amayanika chapafupi. Ndinayamba kulira ndi kupepesa. NyaGondwe anawakalipira amuna awo m'Chitumbuka, kenaka anandigwira dzanja n'kundiuza kuti palibe mlandu, akufa akuno anazolowera alendo.

Pofuna kundichotsa mantha, a Manase anasiya ukonde n'kunena kuti popeza ndapereka kale moni kwa azakhali, ndi bwino andionetse onse kuti ena asachite nsanje. Mitumbira ilipo khumi ndi isanu ndi iwiri. Yambiri ilibe cholembedwa chilichonse, koma iwo amadziwa aliyense, ndipo samangotchula dzina lokha.

Azakhali aja anali mzamba. Theka la anthu a m'mudzimo anagwera m'manja mwawo, koma iwo sanakhale ndi mwana. Anamwalira akupalira chinangwa, khasu lili m'manja. Pafupi nawo pali agogo awo aamuna omwe anayenda pansi kupita ku migodi ya ku Joni, n'kubwera ndi chikhoti chachikulu chomwe ankavala ngakhale mu Okutobala, kutentha kwa kuno konseku. Anawaika nacho. Pali mapasa omwe anakhala masiku anayi okha. A Manase anatchula mayina awo onse awiri, n'kunena kuti wamkulu ndiye ankalira kwambiri. Ine ndinadabwa kuti munthu wa masiku anayi angakumbukidwe mmene ankalirira patapita zaka makumi anayi.

Pali mtumbira wina womwe mulibe munthu. Ndi wa mkulu wawo yemwe anapita kukapha nsomba mwera ukuwomba, bwato lokha n'kupezeka. Atadikira mpaka kutopa anaika thunthu la nthochi pamodzi ndi nkhafi yake. A Manase ponena zimenezi sanaseke. Akuti amasesapo chimodzimodzi ndi ena onse.

Titafika kumapeto, cha kunyanja, anaima pa mtumbira wozungulira ndi miyala yoyera. Anati uyu si wa magazi athu, koma anatimwetsa madzi, uyu ndi Lyson wa ku Ntchisi. Apa ndinadziwa kuti ndikapanda kuyankhula sindidzayankhulanso. Ndinawauza kuti inenso ndine wa ku Ntchisi, ndipo amayi anga ali ndi mlongo wawo dzina lomwelo yemwe anachoka mu 1989.

A Manase anakhala pansi pamchenga. Anandifunsa ngati kwathu kunapsapo chigafa cha fodya. Ndinati inde, cha agogo, fodya wa chaka chonse. Anafunsanso dzina lanu. Nditati Yunike, anagwira pakamwa. Anandiuza kuti ndimwetulire, ine n'kulephera, iwo n'kuumirira, mpaka anaona mpata wa m'mano uja womwe ndinatengera inu. NyaGondwe anayamba kulira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo, anthu oyandikana nawo mpaka anabwera akuthamanga.

Tsono imvani moyo wa alongo anu monga anandiuzira.

Anafika ku Chilumba akunyamula katundu padoko. Kenaka anatsikira ku Sangilo kukayesa usodzi, koma akuti munthu wa kumapiri anangokwera bwato kamodzi n'kusanza ulendo wonse, asodzi anamuseka mwezi wathunthu. Ndiye anayamba kukumba zitsime. Anakumba zisanu ndi chimodzi m'midzi ya kumeneko, ndipo zinayi zikugwirabe ntchito. Ankayenda m'mawa kuyang'ana udzu ndi zulu, n'kuloza kuti apa. Akuti analakwitsa kamodzi kokha, ndipo dzenje limenelo mpaka lero amalitchula kuti bodza la Lyson.

Moto sankaukhudza. Sankasuta, sankayatsa ngakhale nyali, ankadya kwa a Mhango. Anthu ankayesa kuti ndi za mankhwala. A Manase okha ndiwo anauzidwa kuti malumewo ndiwo anagwetsa chikuni m'chigafa muja, ndipo ankaopa nkhope ya bambo awo. Chaka chilichonse ankanena kuti chaka chamawa apita kwawo akapeza chogwira m'manja. Akuti ankakonda kunena za kamlongo kawo Yunike komwe ankakabereka kumsana popita kudimba, komwe kankawaluma khutu akakana kukathyolera nzimbe. Amayi, kodi n'zoona munkawaluma?

Sanakwatire. Ankasewera bawo ndi a Manase, ndipo a Manase akuti malume ankaba. NyaGondwe akuti wakuba anali mwamuna wawo.

Chaka cha njala chija kunabwera kolera. Anthu ankaopa kulowa m'nyumba za odwala, madzi ankangosiya patali. Malume ankatunga pachitsime chawo cha kumtunda, n'kumanyamula ndowa ziwiriziwiri kulowa nazo nyumba ndi nyumba. Ena anawanyamula pamsana mpaka kumsewu kuti apeze galimoto ya kuchipatala. Mayi wina yemwe anabwera kudzandiona anandiuza kuti iye anali mmodzi mwa onyamulidwawo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lero ali ndi ana atatu. Anandigwira manja onse awiri n'kumangoti yewo, yewo, komwe ndi kuthokoza kwa kuno, ngati ndine ndinamunyamula. Matendawa atatsala pang'ono kutha anawagwira malume. Anadwala masiku awiri okha.

Panali kukangana za kowaika, poti anali mlendo wopanda mbale, ndipo kwawo kwenikweni palibe ankakudziwa. Bambo awo a Manase ndiwo anadula nkhani. Anati munthu yemwe wamwetsa ana awo sangakagone kutchire, n'kupereka malo omwe anadzisungira iwo eni.

Amayi, ife kwathu takhala tikuwatchula kuti mtchona. Agogo anapita akunena kuti mwana wawo anawataya. Ine ndinaima pamenepo osadziwa kuti ndiyang'ane kuti. Anthu omwe si abale athu asesa manda amenewa zaka makumi awiri ndi ziwiri. A Manase anandifunsa mfunda wawo, poti malume sanaunenepo. Nditati Mbewe, anabwereza katatu, kenaka anatembenukira ku mtumbira n'kunena m'Chichewa chawo chopotoka kuti, “Iwe Mbewe, unatibisira dzina, lero takugwira. Mwana wa mlongo wako uyu wabwera.” Tsitsi linandiimirira, koma sanali mantha ngati a poyamba aja.

Tsopano vuto ndi ili. Chaka chino nyanja yadzaza kwambiri, akuluakulu akuti sanaionepo chonchi kwa zaka zambiri. Yameza minda ndi nyumba zina za m'mphepete. Tsiku lomwe ndinapitako koyamba, kuchokera pa manda a malume kufika pamadzi panali mapazi khumi ndi awiri. Lamlungu lapitali ndinayesanso, atsala asanu ndi atatu, ndipo mwera wangoyamba kumene. Mafunde akudya dothi chapansi. A Mhango agwirizana ndi amfumu ndi a zaumoyo kuti asamutsire manda onse kumtunda Loweruka pa 1 Juni.

Koma manda a malume akuti sangawakhudze. Poyamba akanatha, poti ankayesa kuti alibe mwini. Tsopano popeza abale apezeka, kufukula munthu wa eni popanda mawu a eni ake ndi mlandu waukulu. Ndiye kubwera kwanga ndi komwe kwawamanga manja. Zimenezi zikundisowetsa mtendere. Ndikanapanda kuyankhula, bwenzi akusamuka limodzi ndi anzawo.

Anandiuza kuti ndiitane a kuchimuna, mchimwene wa bambo a malume kapena mwana wake, poti kuno munthu ndi wa kwa bambo. Anati mwana wa mlongo ndi mlendo chabe pa nkhani zotere. Ndinawafotokozera kuti kwathu sizili choncho, munthu ndi wa kwa mayi ake, ndipo eni ake a malume ndinu ndi malume Kenan. A Manase anaseka mpaka kutsokomola, akuti n'chifukwa chake Lyson ankangonena za mlongo wake ngati alibe bambo. Koma anavomera. Anati mwambo wa mwini maliro ndiwo utsatidwe, iwo adikira mawu anu.

Pempho langa ndi limodzi. Tumizani mawu olola kuti malume asamutsidwe pamodzi ndi a Mhango, ndipo ngati mwendo ukulola, bwerani mudzanene nokha. Mayi Hadija ati mudzagona kwawo. Mukakwera ya ku Karonga mudzatsikire pa Uliwa, ine ndidzakuchingamirani.

Ndikudziwa kuti malume Kenan anganene kuti mafupa abwere kwathu akagone pafupi ndi agogo, kapena anganene kuti yemwe anatitaya timutayenso. Ine ndine mwana, sindingatsutse akulu. Koma malume, ngati mukumva, ndikupempha muganize za anthu awa. NyaGondwe atandifunsa ngati tidzawatenga, sanathe kumaliza funso lawo. Kwathu akawadziwa ndi anthu atatu kapena anayi. Kuno ngakhale yemwe anabadwa dzana amatumidwa kukatunga kwa Lyson. Ndamwako madziwo, ndi ozizira, alibe mchere.

A Manase andiuza kuti tsikulo mbale ayenera kuima pamutu pa manda n'kumuuza wogonayo kuti tikukusamutsa, usadabwe, ndipo ayankhule m'chiyankhulo chake kuti amve bwino. Mukalephera kubwera koma mwalola, ndidzaima ndine. Kudzakhala mudzi wonse. Ndayamba kale kuyeserera kuseri kwa golosale, ndipo mayi Hadija akuti mawu akumvekako pang'ono tsopano. Koma ndikanakonda amve mawu anu, poti ine sakundidziwa.

Musachedwe kuyankha, Amayi. Achimwene angoimba pa nambala ya mayi Hadija n'kunena kuti inde kapena ayi. Madzi sakudikira.

Mundiperekere moni kwa malume Kenan ndi akazi awo, kwa achimwene a Brave ndi alamu, kwa amayi aang'ono ndi ana onse. A Manase ndi nyaGondwe akupereka moni kwa inu makamaka. A Manase akuti akufuna aone ndi maso awo munthu yemwe ankaluma mnzawo khutu.

Ambuye akusungeni mpaka tionane.

Ndine mwana wanu,
Febby