Ndamenyana Pamaliro

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kunja kuno ku Oshawa ndilipo, kungoti mlomo watupa.

Mayi Edna, amene ndinkawasamalira aja, tawaika Loweruka. Paja ankayendetsa ndege nthawi ya nkhondo, mpaka anapsa manja onse. Mwana wawo atayala mbendera pabokosi, mkulu wina, msilikali wakale, anaikoka. Amvekere, "Akazi sanali asilikali, ankangokasiya ndege kwa amuna omenya nkhondo."

Achemwali, ndinamuwomba mbama. Iyenso anandikhoma ndodo pakamwa. Magazi ali chuchuchu, ndinatola mbendera ija n'kuiyalanso. Manja opsa a Mayi Edna aja ndawapaka mafuta zaka zinayi, andiuza chiyani iyeyo?

Amayi musawauze kuti ndamenyana pamaliro. Muzindipempherera, koma osati zoti ndikapepese. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike