Mawu aja ndinawamasulira molakwa

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la mapepala.

Ntchito kosindikiza mabuku ikuyenda. Mwezi uno andipatsa buku la mawu akale a Chingerezi kuti ndichotsemo zolakwika lisanapite ku makina. Muli zodabwitsa. Kale "nice" anali munthu wopusa, "meat" chinali chakudya chilichonse, ndipo "let", amene timati ndi kulola, penapake ankatanthauza kutsekereza. Bukuli ndi limene landigwiritsa cholembera lero.

Mukukumbukira masabata atatu apitawo munandiimbira foni muli m'chipinda chanu chosokera, n'kundiwerengera kalata ya loya wa eni nyumba chilembo ndi chilembo. Inati mgwirizano wanu wa chipindacho "shall determine" pa 30 mwezi uno. Ndinakuuzani kuti "determine" ndi kugamula, choncho tsikulo adzangokhala nanu pansi kuti muone za chaka chamawa, musade nkhawa. Ndinawamva alamu chapatali akuti kalata ya loya sibwera kudzacheza. Ndinaseka, n'kuwauza kuti iwo adziwe za njerwa ndi simenti, Chingerezi atisiyire ife.

Alamu ndiwo ankanena zoona. Lachiwiri lapitali, pa tsamba 112, ndinapeza tanthauzo lachinayi la mawuwa, m'tizilembo ting'onoting'ono. M'chilankhulo cha malamulo, akalemba choncho ndiye kuti mgwirizano watha. Ndinaona m'madikishonale ena awiri, chimodzimodzi. Kenako ndinapita kwa mayi wina amene timagwira naye ntchito, yemwe anakhalapo kalaliki wa khoti zaka makumi awiri. Anavula magalasi, n'kundifunsa ngati mwiniwake wa kalatayo wayamba kulongedza. Achemwali, pa 30 si tsiku lokambirana. Ndi tsiku lobweza makiyi.

Sindibisala kumbuyo kwa loyayo. N'zoona akanatha kulemba mawu omveka, koma dikishonale inali pashelefu, mkono umodzi kuchokera pomwe ndinakhala, ndipo sindinaitsegule chifukwa ndinkati ndikudziwa. Safunsa anadya phula, kungoti phulali mwadya ndinu. Ndikudziwanso kuti munalandira oda ya mayunifolomu makumi anayi podalira mawu anga.

Pali china choipirapo. Ndadziwa izi Lachiwiri, lero ndi Loweruka. Katatu konse ndinatulutsa foni n'kuibwezera m'thumba. Masiku anayi amenewo ndakuberani ndi manyazi anga, palibe dzina lina. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimayankha mothamanga, ndipo kuthamangako n'kumene kwatifikitsa pano. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi ya m'mawa kuti ikupezeni mawa lomwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envulopuyi muli pepala lina la Chingerezi limene talemba ndi mayi uja, lopempha kuti akuwonjezereni miyezi iwiri kuti mumalize mayunifolomu ndi kupeza malo ena. Mulisaine, mupite nalo ku ofesi ya loyayo Lolemba m'mawa, musadikire Lachiwiri. Makope ndi awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo cha tsiku mubwere nalo. Mawu aliwonse a m'menemo ndawaona m'dikishonale, ngakhale amene ndinawadziwa ndili mwana. Mayiyo anandiseka kuti ndikufufuza mpaka "the".

Sindikunamizani kachiwiri: akhoza kukana, ndipo lamulo lili mbali yawo. Mayiyo akuti ambiri amavomera ngati munthu sanavutepo, koma ambiri si onse. Choncho alamu ayambiretu kufunsa za chipinda china kumene akumanga. Amayi akafunsa chifukwa chomwe mwadziwira mochedwa, musadziikire mlandu. Muwawerengere kalata ino yonse.

Ndapempha kale tchuthi cha masiku atatu. Avomere kapena akane, ndifika pa 28. Makina anu awiri osokera aja ndi tebulo lodulira nsalu sizingatsike masitepe ndi anthu awiri okha. Musandikonzere chilichonse chapadera.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa azakhali ndi ana onse. Alamu muwapatse moni wokha, zinazo ndidzawauza ndekha pamaso.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi