Marola pa Simenti Yofiira

Naperi,
Blantyre.
16 Juni, 2025.

Wokondedwa mwana wanga Gervazio,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko. Kuno tilipo, kungoti chiperoni chafika ndipo mawondo anga achimva. Kalatayi ndapatsira a Kingsford oyendetsa thiraki. Pa foni umandidula mawu, pomwe ine amene ndinakalambira kuphunzitsa masamu ndimafuna nkhani iyambire poyambira.

Unandifunsa chifukwa chimene foni yako sinkaonetsa manambala a kupalasa mwezi watha, chikhalirecho marola opalasirapo njinga m'nyumba amene unagulira mwana wako Vanessa anali atafika. Ndinakuyankha kuti ndi magetsi. Magetsi amazimadi, koma nkhani sinali imeneyo.

Bokosi linafika bwinobwino. Ndinawerenga zam'kati: marola atatu, lamba mmodzi, chingwe cha magetsi, mabawuti khumi ndi awiri. A Nazir okonza njinga ku Limbe ndiwo anadzamanga. Anatifotokozera kuti njinga simangiriridwa paliponse. Imangokhala pamwamba, tayala lakumbuyo pa marola awiri, lakutsogolo pa limodzi, wopalasayo n'kumadzisunga yekha kuti asagwe. Marolawo amalumikizana ndi foni, ndipo foniyo ikaonetsa chitunda amalimba okha, ikaonetsa kutsetsereka amafewa. Anayesa iwo eni pakhonde, zinayenda. Kenako anati, "Mayi, makina amiseche awa. Mwana akangochita ulesi, bambo ake amva ali ku Joni."

Vanessa sanaseke. Chimugundireni minibasi pa msewu wa Chigumula paja, njinga sankafuna n'kuikhudza komwe. Mkono unapola, chikhakha anachotsa, koma akamva hutala amauma thupi lonse. Ananenetsa kuti pakhonde sangayesere, ana a m'makomomu azimuonerera pa mpanda. Choncho ndinalowetsa marolawo pabalaza, ndinawaika pakhomo lopita kukhitchini kuti azigwira felemu ya chitseko.

Pabalaza panga ukupadziwa. Loweruka lililonse, kuyambira malemu bambo ako ali moyo, ndakhala ndikupaka polishi wofiira n'kupukuta mpaka munthu kudziona nkhope. Iwe unkaseserekapo utavala masokosi. Ine zimenezi sindinaziganizire.

Lamulungu lina titachoka ku Misa anavomera kukwera. Anagwira felemu, anayamba kupalasa, liwiro linabwera. Atangoponda mwamphamvu, chimango chonse cha marola chinaterereka. Anagwera mkono womwe uja. Sunathyoke, ndinamutengera kuchipatala anauona. Koma podzuka pamenepo sanalire, anangoti, "Agogo, basi. Muwauze adadi agulitse."

Iye atalowa kuchipinda ndinayang'ana pansi. Panali mizere inayi pomwe miyendo ya marola inadutsa pa polishi. Makina ako analibe mlandu, mwananso analibe. Ndinayesa kuyala mphasa, ndinakankha ndi phazi, mphasa inayenda pamodzi ndi marola. Apo ndinadziwa kuti chimodzi chiyenera kuchoka m'nyumba muno, marola kapena polishi.

Ndinatereka madzi, ndinatenga sopo ndi bulashi yawaya, ndinagwada. Zinanditengera ndowa zisanu ndi ziwiri. Polishi wa zaka zonsezo sachoka mwaulemu. Pansi panatsala potuwa, mawangamawanga.

Sabata yomweyo mapemphero a limana anali kwathu kuno. A Lucy a kuseli kwa tchalitchi atangolowa anaima pakhomo, nsapato zili m'manja.

"Aphunzitsi, mwadwala kodi? Kapena mwayamba kusunga chimanga pabalaza?"

Ndinati, "Valani nsapato zanuzo, a Lucy. Lero simugwa."

"Iii, ife tinkatuma atsikana athu kudzaona pansi pano kuti aphunzire. Tsopano tiziwatuma kuti?"

Amayi onse anaseka, inenso ndinaseka, koma ndisakunamize, zinandilowa. Vanessa anali kukhitchini akukonza tiyi ndipo anamva zonse. Alendo atapita anabwera n'kuima pa simenti yotuwayo.

"Agogo, mwaononga pansi panu chifukwa cha ine?"

Ndinati, "Pansi palibe mkono woti uthyoke."

"Nanga amayi a limana azinena chiyani?"

"Anena kale. Vala chisoti ukwere."

Anakwera. Marola sanasunthe ngakhale pang'ono. Vuto linatsala la maso, chifukwa ankangoyang'ana tayala, ndipo ukayang'ana tayala njinga imapita m'mbali. Ndinakoka mpando ndinakhala patsogolo pake. Ndinamuuza kuti ayang'ane duku langa basi. Poyamba anasiya felemu ndi chala chimodzichimodzi, ndinkawerenga. Chachisanu ndinachiwerengera mumtima, kuopa kumudzidzimutsa. Anazindikira yekha manja onse ali pa chiwongolero, anakuwa kuti "Agogo, ndikuyenda!" pomwe ali malo amodzimodzi pakati pa kabati ndi chitseko.

Zotsatira zake waziona wekha pa foni yakoyo, manambala akukwera. Chimene sukuona n'chakuti magetsi akazima iye sasiya. Marola amazungulirabe, kungoti zitunda palibe. Ndiye ine ndimakhala pampando paja n'kumakuwa kuti "Chitunda!" iye n'kusintha giya kuti alimbe nayo. A Lucy anatipeza tikuchita zimenezi, akuti atipempherera.

Tsopano mvera bwino. Unanena kuti marola wagula kuti mwana asadzapondenso msewu. Ndinakumva, ndipo mantha akowo ndi anga omwe, poti amene ndinakamutenga kuchipatala tsiku lija ndine. Koma Vanessa sakutuluka thukuta lonseli kuti azipikisana ndi chitseko cha kukhitchini. Anzake a timu yawo ya njinga akupita Loweruka likubwerali pa msewu womwe uja wa Chigumula, a Nazir aziwatsata pambuyo pa galimoto. Anandipempha yekha kuti apite nawo, akundiyang'ana m'maso. Ndavomera. Usamukalipire iye. Ngati pali mawu, ubwere nawo kwa ine.

Dzulo ndinapita kukaima m'mbali mwa msewuwo ndipo ndinawerenga maminibasi odutsa. Nambala yake sindikulembera.

Ukamabwera pa Khirisimasi unditengere mankhwala opaka m'mawondo aja, komanso lamba wina wa marola, uyu wayamba kulira. Zitini zitatu za polishi zimene zinatsala ndapatsa a Lucy.

Moni kwa apongozi anga. Vanessa akupereka moni, akuti uone manambala a Lachinayi. Loweruka foni yako sionetsa kanthu, ndipo usandifunse za magetsi. Ine ntchito ya Loweruka ndilibenso, choncho ndikhala pa geti mpaka atabwera.

Ndine,
Mayi ako.